Botolo Lopalidwa Pepala

"Tsono ichi n'chiyani?" Amayi aakulu anakhazika botolo patebulo mpaka makapu analira. Analipeza akupinda zovala za malemu mng'ono wawo, telala uja, litabisidwa kuseri kwa makina osokera. Munali madzi oyera okhuthala, ndipo pepala la dzina linali litapalidwa lonse.

Maliro anali atangotha, mipando yobwereka ikadali pakhonde. Mpongozi wa malemu anasiya kupukuta mbale.

"Ndi mankhwala, amayi."

"Mankhwala opanda dzina? Mng'ono wanga anadwala khansa ya bere, koma wapita atauma ngati waya wa ambulera. Bere limaletsa munthu kudya? Ine ndikabwera ndi nyama yanga ya tsabola ankanyambita ndi zala zomwe. Ndikangotuluka, iwe n'kumamupatsa timadzimadzi tozizira ngati kamwana ka mphaka." Anatembenukira kwa mwana wa malemu, woyendetsa basi. "Mkazi wakoyu akapanda kulongosola, lero akagone kwawo."

Mwamunayo anayang'ana botolo, kenaka mkazi wake. "Inenso ndinakupezapo ukuwamwetsa utatseka chitseko. Talankhula."

"Makina owotcha khansa aja anawapsereza ndi kummero komwe, njira ya chakudya inatupa. Adokotala anatero. Ngakhale malovu ankawameza ngati magalasi osweka. Awa amachititsa dzanzi kuti chakudya chidutse."

"Nanga pepala unapaliranji?"

"Si ine."

"Bodza!" Amayi aakulu anatsegula botolo n'kuviikamo chala. "Ngati ndi poizoni, ndimutsatire m'bale wanga lero lomwe."

Ananyambita. Posakhalitsa anayamba kudzigwiragwira milomo, lilime likuwalemera ngati lobwereka.

"Ankamwa liti?" Mawu anatuluka okokeka.

Mpongozi anayang'ana pansi. "Akangomva mukugogoda pageti ndi poto wanu. Ankati, 'Tseka chitseko, bweretsa supuni, achemwali afika.' Mukapita, dzanzi likatha, ankagona atakumbatira chifuwa, misozi ili mbwee. Ndinawapempha kuti ndikuuzeni, anandilumbiritsa. Akuti, 'Chokhacho chimene angathe kundichitira n'kuphika, usawalande.'"

"Tsabola yense uja?"

"Yense, amayi. Mpaka kupempha kuwonjezera."

Woyendetsa basi anadzuka, anafika pafupi ndi mkazi wake, kenaka anatembenuka. Anatuluka pakhonde n'kuyamba kusanjikiza mipando yomwe inali yosanjikiza kale.

"Iwe," anatero amayi aakulu osamuyang'ana mpongoziyo, "khala pansi. Mbalezo sizithawa."

Ananyamula botolo lija n'kulitembenuza pa kuwala kwa pawindo. Pomwe panali pepala panatsala timizere ta nsonga ya sizasi, toongoka, totalikirana mofanana ngati ulusi wa mpendero. Panalibe ngakhale kachilembo kamodzi kotsala. Linali dzanja la telala mwiniwake. Anayendetsa chala pa timizereto pang'onopang'ono, monga mmene mng'ono wawo ankayendetsera chala pa msoko asanapereke diresi kwa mwini wake.