Mpando wa NyaMsiska

A Limbikani Chadza, mlangizi wa zaulimi wa ku Ntcheu, adagwira ntchito ku Rumphi zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo adazithera pa njinga yamoto ya ku ofesi. Lamulo la njingayo linali loti asakwezepo munthu. Ndiye akazi awo a Phoebe, amene aliyense ku Phwezi amawatchula kuti NyaMsiska, ankangotsala pakhomo n'kumadikira nkhani. Mbidzi za ku Nyika ankangozimva pakamwa pa amuna awo, chonsecho eni dera ndi iwowo.

Atapuma pa ntchito, a Chadza adalonjeza pamaso pa ana kuti ulendo woyamba ukhala wa anthu awiri basi. Akwera Nyika, atulukire ku Nthalire, afike ku Chitipa ndi ku Karonga, abwerere kudzera ku Chitimba. Masabata awiri athunthu. Chimene chinkawapweteka mumtima n'chakuti zokongola zonse adazionera okha, ndipo tsopano ankafuna kuzilozera mayi ndi chala ali nawo pafupi.

Funso linali loti ayenda pa chiyani. Mkamwini wawo Amock, makaniko wa pa Rumphi boma, adati asankhe okha chobwereka: njinga yamoto yaikulu, kapena galimoto yake yakale yokoka matayala onse anayi, yomwe imakwera chitunda ikubangula ngati ng'ombe yanjala.

Mtima wa a Chadza unali pa njinga, zimenezo musakayike. Njinga imazemba maenje, imadutsa pa kamlatho ka mitengo, ikatitimira m'matope mumangoinyamula. Koma akaganiza za chisanu cha ku Nyika, mvula, zikwama, ndi msana wa munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ankapukusa mutu. Adasankha galimoto mtima ukuwawa. Atawauza a NyaMsiska, iwo adangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo, mmene mwaoneramo, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Amock adawalangiza kuti ayambe aiyesa pa ulendo waufupi. Loweruka m'mawa adanyamuka kupita ku Chitimba, bambo pa chiwongolero, mayi pambali atavala duku latsopano. A Chadza adayamba kale kuloza minda ya fodya n'kumafotokoza mwini wake ndi mmene adamuphunzitsira kuthira manyowa.

Chisangalalocho sichidafike n'komwe pa mlatho woyamba. Panjira padaima mayi wina wa mu mvano ndi thumba la chimanga, akukupiza dzanja. Mungamupitirire bwanji munthu amene mukhala naye benchi limodzi mawa ku tchalitchi? Adakwera. Patsogolo pang'ono padali mphunzitsi ndi matiresi. Kenako amayi awiri opita kukagula usipa, aliyense ndi beseni lake. Kenako mlimi wina amene a Chadza adamuthandiza kale, ndipo ameneyu sadangokwera, adawapatsanso mbuzi ya kutsanzikana. Mphatso sakana. Mbuzi idakwera nayonso.

Omaliza adali a Laws Mhango, mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu ndi atatu, ataima ndi ndodo yawo ndi jekete la suti. Apa panalibe choti wina anene. A NyaMsiska adatsika okha, adagwada pang'ono, n'kuwapatsa akuluwo mpando wa kutsogolo. Iwo adakadzipanikiza kumbuyo, pakati pa matiresi ndi mbuzi.

Kuyambira pamenepo mpaka kutsika Chiweta, a Chadza ankalozera a Mhango. A Mhango nawo sankamva bwino, ndiye chilichonse chinkayenera kunenedwa kawiri, ndipo yankho lake linali loti malowo adawadziwa a Chadza asadabadwe. Pa kalilole a Chadza ankangoona nsonga ya duku la akazi awo, mbuzi ikuyesa kulitafuna. Kumbuyoko kunali phwete, amayi akuseka m'Chitumbuka, koma a Chadza kudawakwana. Pobwerera zidali chimodzimodzi, kungoti tsopano kudawonjezekera fungo la usipa.

Adafika kunyumba dzuwa likadalipo. A Chadza adamangirira mbuzi ku mtengo wa mango n'kukhala pakhonde mutu uli pansi. Adawerengera m'mutu mwawo midzi yonse ya pakati pa Bolero ndi Chitipa, ndi anthu onse amene amawadziwa m'menemo, ndipo adaona kuti masabata awiriwo akhala akuyendetsa minibasi yaulere, mayi ali kumbuyo ndi katundu. Adaganiza zongousiya ulendowo. Chisoni chidawagwira ndithu.

A NyaMsiska adatuluka ndi makapu awiri a tiyi, duku litang'ambika pang'ono kunsonga.

"Bambo a Eva, ndani adakuuzani kuti ine ndikufuna galimoto?"

A Chadza adati palibe, adangoganizira msana wawo.

"Msana wanga umalima mizere mahandiredi awiri. Inu mudandifunsa kapena mudandiuza?"

Bambo adavomera kuti adawauza. Adayesa kutchula za chisanu, mayi adati majuzi alipo. Adatchula za zikwama, mayi adati munthu woyenda masabata awiri sasamutsa nyumba. Nanga mphatso za anthu? Nkhuku adyera konko pamodzi ndi eni ake, mbuzi azisiya kuti zikule kaye. Adatchula za chitenje pa njinga, ndipo mayi adaseka mpaka tiyi adatayikira pansi. Adati thalauzi la Eva lili m'sutikesi, adaliyesa kale kawiri amuna awo ali ku msika, ndipo chitenje chikhala pamwamba kuti a mvano asakomoke.

A Chadza adaika kapu yawo pansi. Zaka makumi atatu akugona nyumba imodzi ndi munthu, osadziwa kuti m'mawa uliwonse akaliza njinga ija, mayiyo ankayang'ana kampando kakumbuyo kopanda munthu.

"Imbirani Amock abweretse njinga ndi zisoti ziwiri," adatero a NyaMsiska, akutolera makapu. "M'galimoto ndidzapatsa mpando wanga aliyense wondiposa zaka, ndipo ndidzapereka ndi mtima woyera. Koma pa njinga malo ndi a munthu mmodzi yekha. A Mhango akafuna, adzakugwireni m'chiuno ndi iwowo, tione."