Abusa Atawomba M'manja

Kutchalitchi kwawo ankapemphera onse nthawi imodzi, mofuula, mpaka abusa atawomba m'manja. Mkazi wa mkulu wa mpingo ankalikonda phokosolo, chifukwa m'menemo ankatulutsa zakukhosi popanda womumva.

Lamulungu lina khutu lake linali litagontha ndi mbama imene mwamuna wake anamumenya Lachisanu. Abusa anawomba m'manja, onse anakhala chete, koma mayiyo sanamve, anapitirizabe kufuula.

"Ambuye, ndilanditseni kwa bambo amene agwada pambali pangawa asanandiphe!"

Amayi a kwaya anazyolika. Abusa anatsokomola n'kuyambitsa nyimbo msangamsanga.

Mwamuna uja anamwetulira, n'kumufinya dzanja mpaka zala kulira.

"Ameni," ananong'ona. "Pempheroli tikamalizira kunyumba, mayi."