Kamvuluvulu wa ku Mpamba

A Zebron Manda a ku Sanga anali mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, ndipo ukonde anausiya kalekale n'kuyamba kulima chinangwa. Tchimo lawo linali limodzi lokha, ndipo linawagwira atakalamba: mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa.

Lachinayi lililonse akazi awo a Kettie akavala zoyera kupita ku Umanyano, gulu la amayi a mpingo, iwo ankakwera minibasi kupita ku Mpamba. Ku Chintheche kanema analiko, koma kumeneko ngakhale mbuzi zinkawadziwa. Ku Mpamba kunali chisakasa cha kanema cha Lloyd, chokutidwa ndi mapepala akuda apulasitiki mbali zonse, moti masana dzuwa likuswa mtengo m'katimo munthu sunkaona dzanja lako lomwe.

Lamlungu lina abusa anapita ku maliro, ulaliki n'kugwera a Zebron. Mawu a tsikulo anali onena za anthu okonda mdima chifukwa ntchito zawo n'zoipa. Poyamba analalikira mofatsa, koma anthu atayamba kuvomera, pakamwa panawathawa.

"Taonani nyumba za kanemazi! Chauta wapereka dzuwa laulere, iwo akulitsekera kunja ndi pulasitiki. Chimene akubisa n'chiyani? Munthu wolungama angakhale m'menemo ngati mleme?"

Mlembi wa mpingo, a Gideon, anagwedeza mutu mwamphamvu mpaka magalasi anatsetserekera pamphuno.

Pobwerera kunyumba a Zebron anadzilonjeza kuti basi, kwatha. Anapirira masiku atatu. Koma filimu ya sabata yathayo inadukira pakati, mnyamata wa filimuyo atapachikika pa nthambi, adani ake asanu ndi awiri akunola mipeni pansi. Munthu ungamusiye mnzako pamenepo? Lachinayi anatsitsira chipewa kumaso n'kukwera minibasi.

Analowa filimu itayamba kale, n'kufufuza ndi manja benchi yawo ya kumbuyo. Pambali pawo panali munthu wina wonunkhira sopo, amene ankapumira m'mwamba nkhonya iliyonse ikagwa. Kutsogolo mayi wina ankakuwa, "Mpondeni ameneyo! Mpondeni pamimba!" A Zebron anadandaula mumtima kuti akazi a masiku ano alibe manyazi.

Mnyamata uja atangodumpha pa nthambi, kunja kunamveka mkokomo. Kamvuluvulu wa mwezi wa Okutobala anadutsa pamsika, n'kunyamula madengu a tomato, n'kufika pa chisakasa cha Lloyd. Pepala la padenga linang'ambika kuti phwaa, n'kuuluka kukakola pa mtengo wa mango. Dzuwa lonse linagwera m'katimo.

Wonunkhira sopo uja anali a Gideon.

Anayang'anana. A Gideon anavula magalasi, ngati kuti akapanda kuona iwo ndiye kuti nawonso saoneka. A Zebron anathawitsira maso kutsogolo, ndipo kumeneko kunali mabulauzi oyera atatu. Wapakatiyo, chibakera chidakali m'mwamba, anali a Kettie.

Oyamba kupeza mawu anali a Kettie omwewo. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kukonza duku.

"Bambo ake Lusizi, ulaliki wanu uja unatikhudza. Tinati tidzaone ndi maso athu zoipa zimene munkanenazo."

"Mwachita bwino," anatero a Zebron. "Inenso ndabwera kudzafufuza."

"Ine ndabwera kudzalemba mayina," anatero a Gideon, amene analibe ngakhale cholembera.

Zikanathera pomwepo, aliyense ndi ulemu wake, pakanapanda Lloyd. Anatulukira kuseri kwa wailesi yakanema fumbi lili m'mutu monse, n'kuyamba kupepesa makasitomala ake.

"Pepani ada Manda, benchi yanu ya masiku onse yadzaza zinyalala. Ama Manda, inu musadandaule, gawo loyamba lija munaliphonya mwezi watha ndikuikirani tikatha ili. A Gideon, inu paja mumati mukhale pafupi ndi khomo."

Anthu onse m'chisakasamo anafa nacho chiseko. A Zebron anayang'ana kukhomo. Anaganiza zotuluka, koma kutuluka kunali kudutsa pamsika ponse limodzi ndi mlembi ndi amayi atatu a yunifolomu. Kenaka anazindikira chinthu china chowawa kuposa manyaziwo: kuwalako kunachititsa kuti pa kanemapo pasaoneke kanthu. Kunkangomveka kukuwa ndi kulira kwa mipeni.

"Iwe Lloyd," anatero, "uli ndi chingwe?"

Mfundo za usodzi anali asanaziiwale. A Gideon anagwira makwerero, a Kettie ankalozera pamene pakulowa dzuwa, ndipo mkulu wa mpingo anakwera yekha kukamanga denga lija mpaka m'katimo munadanso bii. Atatsika, a Kettie anasendera pa benchi n'kuwasiyira malo.

Mu minibasi pobwerera, atangopitirira Nkhata Bay, a Kettie anagunda a Zebron ndi chigongono.

"Ndiye wa ndevu zoyera uja ndi bambo ake a mnyamatayo kapena mphunzitsi wake?"

"Mphunzitsi," anayankha a Zebron motsitsa mawu. "Bambo ake anaphedwa kale, mu gawo loyamba."

"Anawapha ndani?"

Anafotokoza njira yonse, manja akuuluka, mpaka kondakitala anachita kuwakumbutsa kuti pa Sanga apitirira.