Bakuli la a Sebastiano

Kwa a Sebastiano, kuseri kwa msika wa Bangula, tiyi sankamwera m'kapu. Ankamwera m'bakuli limodzi lachitsulo limene mayi awo anathawa nalo nkhondo ku Mozambiki. M'mawa mkuluyo ankayamba kumwa, n'kupatsira akazi awo a Juliana, kenako mwana wawo Fanizo. Ngakhale Molly, mkazi wa Fanizo, ankamwako atayang'ana kumbali, n'kutsiriza kamdzukulu Witness. A Sebastiano ankati omwera pamodzi satayana. Ine woyandikana nawo ndinkawaseka kuti ndi umphawi chabe, koma pansi pa mtima ndinkasirira.

Kenako mkuluyo anayamba kutsokomola, kuchipatala n'kuwapeza ndi chifuwa chachikulu. Molly, mkazi wa pakamwa pa shuga, anawagwadira.

"Baba, bakuli ili n'la akuluakulu. Likhale lanu nokha, ife ana timwere m'makapu."

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena, maso ali ndi misozi.

Anakadzitama mpaka kwa ogulitsa nsomba kuti ana awo awapatsa ulemu. Ulemu wake uti? Akangomwa n'kukagona, Molly ankalinyamula ndi kamtengo n'kukaliponya kukhola, n'kuthiramo gaga wa abakha. M'mawa ankangolitsukuluza. A Juliana ankaona, Fanizo ankaona, koma onse osamuletsa. Ndikakumbukira mtima umandiwira mpaka lero.

Mankhwala a Sebastiano anamwa mosadumphitsa, thupi linabwerera, adokotala n'kunena kuti sangapatsirenso munthu. Tsiku limenelo anagula mkaka ndi mandasi, tiyi n'kuphika okha. Anaitana banja lonse pamkeka, ndi ine ndemwe, kuti ndidzaone bakuli likuzunguliranso.

Anamwako pang'ono, n'kulitambasulira kwa akazi awo ndi manja awiri. A Juliana anayamba kukonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale. Mkuluyo analilozetsa kwa Fanizo, iye maso ali pa foni. Kenako anatembenukira kwa kamdzukulu kaja.

"Witness, bwera iwe. Yamba ndiwe lero."

Mwana anapukusa mutu. "Ayi agogo, ine sindimwera m'mbale ya abakha."

"Ya abakha?"

"Eya. Mukamaliza inu amadyeramo iwo. Amama amati chifuwa chanu chikapha, chiphe abakha."

Abakhawo anali atafika kale m'mphepete mwa mkeka, makosi ali m'mwamba, kudikira mbale yawo monga mwa masiku onse.

A Sebastiano anayang'ana a Juliana, mkazi amene anakalamba naye akumwera pamodzi, kuti mwina anena kuti mwana wanama. Mayiwo anadzithirira tiyi m'kapu yawo yapulasitiki.

"Imwani, bambo," anatero. "Abakha akudikira."