Pamene Warsito Anasiya Kukuwa

Mbale ya mpunga ndi tempe, ndiwo yopangidwa ndi soya, inabwerera monga inapitira, ndipo limeneli linali tsiku lachinayi. Ngatinah anaima nayo m'manja, maso ali kukanyumba ka kuseri kwa khola. Mmenemo munali mwana wake Warsito, wa zaka 23, mwendo wake wakumanja utatsekeredwa m'chipika cha mtengo wa kokonati. Kuno kumapiri a Java chipika chotere timachitcha pasung, ndipo banja lokhala nacho siliuza alendo.

Miyezi isanu m'mbuyomo Warsito anali wakabaza wa njinga yamoto, mnyamata waulemu wake. Kenaka anasiya kugona. Ankalankhula ngati wailesi, osapuma. Mbuzi za mayi ake anagawira anthu odutsa mumsewu, ati iye alemera posachedwa. Lachisanu lina analanda chimkuzamawu cha mumzikiti n'kulengeza kuti amanga mlatho wokafika ku Maka. Anthu anafa nacho chiseko. Koma atalowa ndi njinga pakati pa msika n'kugunda mayi wogulitsa tsabola, kuseka kunatha. Kwa sing'anga anapita naye kawiri, anamusambitsa madzi a maluwa, koma ayi ndithu. Apa mpamene a Sarijan, mchimwene wa malemu mwamuna wa Ngatinah, anasema chipika chija.

Masabata oyamba Warsito ankakuwa mpaka mawu kusasa. Tsopano kukanyumbako kunali zii.

"Mwaona, alamu?" anatero a Sarijan akuyatsa ndudu. "Chiwanda chatopa. Chipika sichinama."

"Koma sakudyatu, alamu."

"Njala ikamuwawa adya. Inu mumafuna azikuwabe?"

Ngatinah ankafunitsitsa kukhulupirira zimenezo. Koma dzulo lake, akumupukuta kumaso, Warsito anali atanong'ona kuti, "Amayi, musavutike nane. Ndikafa mupumula." Mawu amenewo anamuopsa kuposa kukuwa konse kuja.

M'mawa mwake anapita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, ati kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Namwino, Mayi Rukmini, atangomugwira mkono, Ngatinah anayamba kulira n'kuulula zonse. Masana omwewo namwinoyo anafika pakhomo.

M'kanyumbamo munali fungo loipa. Mwendo wa Warsito unali utafota ngati ndodo, pakakolo pali chilonda. Namwino anagwada pambali pake.

"Achimwene, ine ndine Rukmini. Ndabwera kudzakuonani."

Warsito sanatembenuke n'komwe.

"Mwachedwa, amayi," anatero a Sarijan ali pakhomo. "Tinachiza kale tokha. Mukumvapo phokoso?"

"Bambo, bata limeneli ndi limene landiopsa," anayankha Mayi Rukmini. "Dokotala ndiye adzatsimikize, koma zikuoneka ngati matenda amene timawatcha baipola. Ali ndi mbali ziwiri. Nthawi ina munthu amakwera: sagona, amalankhula kwambiri, amadziona wamphamvu kuposa aliyense. Nthawi ina amagwa: sadya, salankhula, amalakalaka imfa. Mwanayu sanachire ayi. Wangopita kumbali inayo, ndipo mbali imeneyi imapha mwakachetechete."

Ngatinah anagwira pakamwa. Anakumbukira kuti Warsito ali ndi zaka 17 anadzitsekera m'chipinda miyezi iwiri, ndipo iye mwini ankamunena kuti ndi mlesi. Zinamupweteka mumtima kwambiri.

"Za m'mabuku izo," anatero a Sarijan. "Ife chipika tinachidziwa inu musanabadwe. Bambo anga anandiphunzitsa, tikusemera mkulu wathu Kasmin."

"A Kasmin anachira?" anafunsa namwino.

"Anakhala chete."

"Kenaka?"

A Sarijan anayang'ana ndudu yawo. Inali itazima, koma sanaiyatsenso.

"Anasiya kudya," anatero motsitsa mawu. "Tinamuika m'manda mvula isanagwe."

Ngatinah anali asanamvepo mmene mlamu wakeyo anafera. Banja linkangoti kunali kudwala.

"Matendawa nthawi zina amayenda m'magazi," anatero namwino modekha. "Si chiwanda, si tchimo la munthu. Nthawi ya a Kasmin mankhwala kuno kunalibe. Lero alipo."

"Nanga tikamumasula, iye n'kukavulazanso munthu? Mudzi utiona bwanji?" anafunsa a Sarijan.

"Sitimusiya yekha. Lero lomwe tipita naye kuchipatala chachikulu, akakhale kumeneko mpaka mankhwala agwire."

Ngatinah anali asanatsutsepo mlamu wake chimwalirireni mwamuna wake. Tsiku limenelo anaima patsogolo pawo.

"Alamu, mwana wanga sakatsatira a Kasmin. Bweretsani nyundo."

A Sarijan anatuluka. Anabwera ndi nyundo n'kugogoda okha zikhomo za chipikacho, misozi ili m'masaya. Warsito anayesa kuima koma anagwa. Anachita kumunyamula.

Kuchipatala anakhala masabata asanu ndi limodzi. Atabwerera, ankamwa mankhwala tsiku lililonse ndipo ankapita kukaonana ndi Mayi Rukmini mwezi ndi mwezi. Tsiku lina anati, "Amayi, ndachiratu ine. Mapilisiwa ndi a chiyaninso?" Ngatinah anamukumbutsa zimene dokotala ananena: akumva bwino chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo akasiya matenda akhoza kubwerera. Iyenso anaphunzira kuyang'anira. Warsito akangoyamba kusowa tulo, kapena kudzipatula, sankadikira tsiku la mwezi. Ankapita naye msanga.

Mwendo uja sunabwerere mwakale. Warsito amatsimphina, ndipo adzatsimphina moyo wake wonse. Koma amakonza njinga zamoto pafupi ndi msika, ndipo mayi wa tsabola uja anamukhululukira. Chipika a Sarijan anachiwaza nkhuni. Ngatinah anaphikira mpunga nkhunizo, ndipo mbale ya Warsito inabwerera yopanda kanthu.

Baipola ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo. Amagwira achinyamata ndi akulu omwe. Munthu amene dzulo samagona ndipo lero wangoti chete, sanachire. Musamumange, musamubise. Pitani naye kuchipatala, mumuthandize kumwa mankhwala ake osadukiza, ndipo akatchula za imfa, thamangani naye tsiku lomwelo.