Phazi Kapena Makabuleta

Mwana wathu Nerys analowa m'khitchini makiyi a kagalimoto ka bambo ake ali m'manja, tsitsi lili nyankhalala, ndipo ngakhale moni sanandipatse.

"Amayi, Lolemba ndikupita ndi Adadi kwa dokotala. Phazi lija layambanso."

Pambuyo pake panabwera amuna anga, a Alwyn, akukoka mwendo wakumanja monga amachitira akatopa. Anakhala pampando osavula chisoti chawo chachikopa.

"Tinali pa kona ija ya kumtunda kwa tchalitchi chakale," anapitiriza Nerys. "Tili pakatikati pa kona, injini zii! Thirakitala ili pambuyo pathu, mabuleki ake ndinawamvera m'khutu momwemu. Kenako kagalimoto kaja n'kudumpha, pang'onong'ono tikanagunda mpanda wamiyala. Anachotsa phazi, Amayi, osadziwa n'komwe kuti achotsa. Asakunamizeni."

"Andinamiza bwanji poti sanatsegule pakamwa?"

"Ndiye zomwezo! Munawaonapo Adadi atakhala chete wina akunyoza kayendetsedwe kawo?"

Apo mwanayo sananame.

Chaka chatha sitiroko inawagwetsa a Alwyn. Anachira, madokotala anawalola kuyendetsanso galimoto, koma mwendo sunathenso kuchirikiza njinga yawo yamoto ikaima. Njinga imeneyo inatinyamula zaka makumi anayi, mvula ndi chisanu, ine nditawakangamira kumsana. Ataisiya, munthu anangofota. Chimene chinawadzutsa ndi kagalimoto ka matayala atatu, awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, kobwera m'mabokosi zidutswazidutswa kuti munthu amange yekha. Anazula injini ya njinga ija n'kuikhazika kumphuno kwa kagalimotoko, poyera, monga amachitira anzawo onse a m'kalabu yawo. Ndinkadziwa ine kuti dokotala akangomva kuti phazi likuthawa lokha pa chopondera moto, laisensi yapita, ndipo ndidzatsalanso ndi munthu uja wokhala pawindo tsiku lonse kuyang'ana nkhosa za eni.

"Makiyiwo ika apo," ndinamuuza Nerys.

"Amayi!"

"Bambo ako sagwira chiwongolero mpaka Lolemba, ndakulonjeza. Koma m'nyumba muno makiyi amakhala pa msomali, osati m'chikwama mwako."

Anawapachika mokwiya n'kupita kwake. Ndinatereka tiyi, ndinadula buledi wa zipatso, a Alwyn osakhudza.

Mkangano wa makabuleta, zida zosakaniza petulo ndi mpweya pa injini, unali utayamba kale, kagalimotoko kasanaime n'komwe pa matayala. Mnzawo Gwilym, amene anamangapo tigalimoto totere tiwiri mimba isanamuletse kulowamo, anabwera tsiku lina ndi bokosi la makabuleta ena. Ndinali kukhomo kwa galaja ndi makapu a tiyi, ndinamva zonse.

"Alwyn, ako akalewa anapangidwira chinthu chopendekeka," anatero Gwilym. "Njinga ikamakhota imagona, petulo m'tikapu ta pansipa amangokhala phee. Kagalimoto kako sikagona. Ukadzakhota mothamanga, petulo adzathawira mbali imodzi ngati tiyi m'sosala, injini idzamwa mphepo. Ika awa."

"Zitini za nyembazi? Injini yanga izilira ngati makina ometera kapinga?"

"Ilire mulimonse, bola izilira."

"Ukadzakwanamo m'kagalimoto kangaka udzandilangize."

Anaseka onse, bokosi linakwera pa shelefu, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kulipukuta fumbi. Sindinawadzudzule a Alwyn. Makabuleta akalewo anawagula chaka chomwe tinakwatirana, ndipo ndi amene ankapatsa injini kulira kwake kuja, kokhala ngati ikumeza mpweya ndi ukali. Ndinkawazindikira amuna anga akadali kuseri kwa phiri. Pa njinga yonse ija, chinatsala n'kulirako.

Tsono masana a tsiku limene Nerys anapachika makiyilo ndinawafunsa a Alwyn. "Bwanji simunamuuze mwanayu zimene ananena Gwilym?"

Anayang'ana phazi lawo nthawi yaitali.

"Chifukwa sindikudziwa, Glenys. Ine ndinkaona ngati ndaponda. Koma phazili masiku ena ndimalimvera kutali, ngati n'la munthu wina. Ndikanamizira makabuleta, mawa n'kupha mwana wa eni pamsewu, ndidzati chiyani?"

Zaka zonsezi sindinawamvepo akuti sindikudziwa pa nkhani ya injini. Ndinachita mantha, komanso ndinapsa mtima, sindikudziwa kuti ndinapsera ndani. Kusintha makabuleta si kusintha malaya, pamafunika kuwotcherera mapaipi atsopano, Lolemba likanafika asanamalize n'komwe. Panafunika munthu wina woti akayese kagalimotoko pa kona ija. Gwilym sakanakwanamo ngakhale titamudzoza batala. Nerys anali atalumbira kuti sadzakweranso bokosi la maliro limenelo.

Ndinavula epuloni n'kutenga makiyi pa msomali.

"Tiyeni. Ndiyendetsa ine. Phazi langali lilibe mlandu. Ikakazima ndili ine, ndi makabuleta anu. Ikakapanda kuzima, mwadziwa."

"Iwe? Iwe amene njinga zakapalasa zimakupitirira potsetsereka?"

"Kwerani, musandichedwetse."

M'kagalimotomo munthu salowa, amachita kuvala. Zopondera zake n'zothinana moti ndinavula nsapato n'kuponda ndi masokosi, monga amachitira iwo. Denga palibe, chitseko palibe, phula lili pafupi moti ukhoza kulikhudza ndi chala. Phewa langa linakanikizana ndi lawo. Injini italira, chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwanga.

Tinatuluka m'tauni, tinadutsa mlatho, msewu n'kuyamba kukwera. Mphepo inkandimenya kumaso, misozi ili chuchuchu pansi pa magalasi otchinga mphepo. A Alwyn sanandiuze ngakhale kamodzi kuti sintha giya, iwo amene amandilangiza ngakhale pokankha ngolo m'sitolo.

Tchalitchi chakale chinaoneka. Kumtunda kwake msewu umapindikira kumanzere mwadzidzidzi, ndipo sungaone chimene chikubwera. Kumanja kuli mpanda wamiyala wofika m'chiuno, kuseri kwa mpandawo kuli phompho lotsikira kumtsinje. Ndinaponda buleki, ndinakhota bwinobwino, injini ikulira mosadodoma mpaka tinatulukira kumtunda.

Sinazime.

Ndinaimika pa geti la munda wa nkhosa. Injini inkagunda pang'onopang'ono kutsogolo kwathu. A Alwyn anakweza magalasi n'kupukuta kumaso ndi chikhatho.

"Basi, zadziwika," anatero motsitsa mawu. "Tiye kunyumba. Gwilym apeze wogula."

"Zadziwika chiyani? Ndakhota ngati ndanyamula mazira. Inu m'mawa munkathamanga chonchi?"

Anayang'ana nkhosa za m'mundamo.

"Ndikufunsatu, bambo a Nerys. Munkathamanga bwanji?"

"Kuwirikiza kawiri. Koma usayerekeze, Glenys. Kagalimotoka ukakalakwitsa kamatukula tayala."

Ndinatembenuza pa getipo, ndinatsika mpaka kumlatho, ndinatembenuzanso. Ndisanachotse phazi pa buleki, anandigwira mkono.

"Ndimakudziwa iwe. Ukafika pakona paja uchotsa phazi dala, undiuze kuti yazima."

Ndinafuna kuwakalipira, koma maganizo amenewo anali atandifikiradi potsika paja. Kungopepula phazi pang'ono, ndani akanadziwa?

"Ngati simukundikhulupirira, gwirani nokha," ndinatero.

Anapendekera kwa ine, analowetsa mkono pansi pa chiwongolero n'kugwira bondo langa lakumanja. Dzanja lawo linali lozizira.

"Ukamayandikira usaponde buleki mochedwa. Giya yachiwiri, ndiye ponda moto, usasiye mpaka titatuluka."

"Kukabwera galimoto kutsogolo?"

"Khala mbali yako, upemphere."

Tinanyamuka. Injini inakuwa kulira kwake kuja, kumene ndinkakumvera kumsana kwawo ndili mtsikana, koma tsopano kunali pamphuno panga. Mipanda inkathawira kumbuyo. Tchalitchi chinangoti psiti. Ndinaponda buleki, giya yachiwiri inalowa mokukuta, ndinapinda chiwongolero n'kuponda moto. Zala zawo zinalowa m'bondo mwanga ngati pulayala. Thupi langa lonse linakankhidwira kunja, mbali ya phompho, tayala lakumanzere linapepuka, ndipo ndinaona mwala uliwonse wa mpanda uja ndi ndere zake.

Pakatikati pa kona injini inatsokomola kawiri, kenako zii.

Phazi langa linali pansi penipeni. Ngakhale ndikanafuna kulichotsa sindikanatha, bondo linali litakhomeredwa. Kagalimoto kanagwadira kutsogolo, kanayamba kutsetserekera pakati pa msewu, ndipo m'chete mmenemo ndinamva matayala akukhula phula.

"Usasiye! Usasiye!" anakuwa a Alwyn.

Injini inaphulika mwadzidzidzi ngati mfuti, tayala lakumbuyo linaterereka, mpanda unatithamangira. Ndinakoka chiwongolero ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo. Udzu wa m'mbali mwa mpanda unakwapula chigongono changa, ndipo tinatulukira kumtunda tili mbali ya eni ya msewu. Mwamwayi kunalibe kanthu koma nkhosa imodzi yotiyang'ana.

Ndinaimika pa geti lomwe lija n'kuzimitsa. Manja anakana kuchoka pa chiwongolero. Dzanja lawo linali likadali pabondo panga.

"Sunachotse," anatero.

"Ndikanachotsa bwanji mutandithyola mwendo?"

"Sunachotse, Glenys. Ndamva ndekha. Yazima phazi lili pansi."

Ndinawayang'ana. Misozi inali kutsika m'masaya mwawo, ndipo sinali ya mphepo. Ine ndinalira mokweza, mopanda manyazi, kwinaku ndikuwatukwana iwo, Gwilym, injini, ndi munthu amene anayamba kuganiza zoti galimoto ingaime pa matayala atatu.

Anatsika movutikira, anazungulira kutsogolo n'kuima pafupi ndi injini. Anaika chikhatho pa kabuleta wina, kenako pa mnzake, monga munthu amasisitira galu wokalamba. Ine sindinawafulumize.

Tinabwerera pang'onopang'ono, ine ndikuyendetsabe, poti ndinali nditalonjeza. Tinapeza galimoto ya Nerys pakhomo, mwini wake ataima pa msomali wopanda makiyi, nkhope ili gwaa.

"Amayi, munalonjeza!"

"Sanagwire chiwongolero. Ndayendetsa ndine, ndipo yandizimira pa kona yomweyo."

"Mukuwaikira kumbuyo. Munachotsa phazi dala, ndimakudziwani."

Magazi amodzi, maganizo amodzimodzi. Ndinakhala pampando n'kupinda thalauza mpaka pamwamba pa bondo. Zala zisanu za bambo ake zinali zitadindika pamenepo, zofiira, zina zitayamba kale kuda.

"Kwa dokotala apita Lolemba, ndipo anena zonse za phazilo," ndinatero. "Nanenso ndipita, ndikamuonetse izi."

Nerys anagwada n'kuyang'anitsitsa bondolo, dzanja lili pakamwa. Kenako ku galaja tinamva bokosi likukokedwa pa shelefu, ndi mawu a bambo ake, osasa koma amphamvu monga kale.

"Nerys! Tabwera undigwirire sipanala. Akalewa ndichotsa ndekha, koma usandilankhule mpaka nditamaliza."