Yunifomu ya Maness

Maness atamwalira m'chipatala Lachiwiri, amayi a Mvano anakumbukira kuti yunifomu yake inapsera m'moto umene unanyeketsa mashaki, tinyumba ta malata, ku Masiphumelele kuno kuchilendo chaka chatha. Mayi wa Mvano satsikira m'manda ndi diresi wamba. Amavekedwa bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, monga momwe ankaimira pamaso pa Mulungu Lachinayi lililonse.

"Avale yanga," anatero Estere. "Msinkhu wathu ndi umodzi."

Awiriwa ankagona chipinda chimodzi. M'mawa uliwonse, asanakakolope nyumba za eni ake ku Kommetjie, ankagwada pambali pa bedi, Maness n'kuyambitsa nyimbo, Estere n'kulandira.

Galimoto yonyamula maliro kupita ku Mulanje inali yonyamuka Loweruka masana. A Herbert, Mmalawi wogwira ntchito kunyumba ya chisoni ku Maitland, ananeneratu kuti zovala zifike teni koloko isanakwane, chifukwa bokosi lodutsa m'malire limamatidwa ndi malata.

Estere anachapa yunifomuyo Lachisanu ataweruka. Loweruka m'mawa inali itauma, koma yamakwinya okhaokha, ndipo magetsi anali atazima.

"Amake Pitilani, ingopindani muzipita," Cecilia, mnzake woyandikana naye nyumba, anatero kwa Estere. "Wakufa saona makwinya."

"Inu simukumudziwa Maness. Anandibwezapo pakhomo la tchalitchi chifukwa cha kolala yokha."

"Ndiye akubwezaninso ali m'bokosi?"

Estere sanaseke. Simbi ya makala kunoko n'kuipeza kuti? Anayesa kusita ndi poto wotentha, koma pa siketi panangotsala chizindikiro chozungulira. Anakhala pabedi, bulauzi pamiyendo, akupemphera kuti Iye amene anaimitsa dzuwa ku Gibeoni abwezeko magetsi okha. Atayaka, anasita mosathamanga, kolala, manja, mapindo onse, ngati akusisita mwana wodwala.

Tekisi imene anakwera, minibasi ya kuno, inachedwa kudzaza. Sitima inaima pakati pa njira popanda wonena chifukwa.

Ku Maitland anapeza amayi anzake ataima panja, onse m'zoyera, palibe woimba. A Herbert anatuluka akupukuta manja.

"Tatseka, mayi. Ndakudikirani mpaka abwana andikalipira."

"Tsegulaniko, achimwene. Sindichedwa. Ngakhale duku lokha."

"Tamata kale, adindanso. Tikatsegula, pa boda sadutsa."

"Nanga mwamuveka chiyani?"

A Herbert anayang'ana pansi. "Chimene anabwera nacho. Chija cha kuchipatala, chomanga kumbuyo."

Palibe anamudzudzula Estere. Kukanakhala bwino wina akanamulalatira. Amayi mtsogoleri anangomugwira paphewa n'kunena kuti Yehova ayang'ana mumtima, ndipo Estere anagwedeza mutu, pakuti vesilo ankalidziwa kuyambira ali mwana. Koma lero linangomudutsa ngati mphepo ya kuno, imene siima ndi munthu.

Bokosi linakwezedwa m'ngolo ya kumbuyo, pakati pa mafiriji ndi matilesi amene amoyo ankatumiza kwawo. Galimoto itakhota pamsewu waukulu, foni ya Estere inalira. Anali mayi ake a Maness.

"Mwanawe, anyamuka?"

"Anyamuka, amayi."

"Zikomo. Kuno amayi a Mvano adzaza bwalo, akudikira mnzawo. Mwamuveka bwino mwana wanga?"

Estere sananamizepo munthu wamkulu chibadwire. Anakumbatira jumbo ya zovala, foni ili kukhutu.

"Halo? Estere? Netiweki kodi?"